Windy.com poyembekezera kamvuluvulu wa pamadzi: pomwe imathandiza ndi pomwe imaperewera

Anthu ambiri okhala m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja amamva za kamvuluvulu wa pamadzi zitatha kale, kanema wake atayamba kuzungulira pa Facebook, chonsecho zachitikira makilomita ochepa kuchokera pamene iwo anali. Kenako amayamba kufunsa ngati pali pulogalamu ya pafoni yoti iwauze pasadakhale, ndipo ambiri amalozeredwa ku Windy. Maganizo athu ndi awa: posankha tsiku loti mukakhale pagombe n'kumayang'ana mitambo, Windy ndi yabwino kwambiri, ndipo timaiyamikira ndi mtima wonse. Koma kamvuluvulu weniweniyo siingakuonetseni, ndipo amene akuidalira kuti imuchenjeza ngozi ikamafika akuika moyo wake pachiswe.

Musasokoneze mapulogalamu awiri a dzina lofanana. Pali Windy.com ya chizindikiro chofiira, imene anaiyambitsa ndi Ivo Lukačovič wa ku Czech Republic mu 2014, ndiye pali Windy.app ya chizindikiro cha buluu, ya kampani ina. Pano tikukamba za yofiirayo. Imatsegukanso pa kompyuta popanda kuikamo chilichonse, ndipo pokonzekera madzulo kompyuta ndiyo yabwino, chifukwa matchati ena amapanikizika kwambiri pafoni.

Kuti mudziwe choyang'ana pa mapu, muyambe mwadziwa chimene mukusaka. Akamvuluvulu a pamadzi alipo a mitundu iwiri. Wina amabadwa mu mtambo waukulu wa mabingu umene ukuzungulira wokha mkati mwake. Ameneyu ndi tornado ndithu, kamvuluvulu woopsa uja wa kumtunda, kungoti ali pamadzi, amabwera ndi mphenzi, matalala ndi mafunde aakulu, ndipo si wopita kukamuonerera. Winayo, amene amaoneka kawirikawiri, amabadwa kunja kuli bata, pansi pa mzere wa mitambo imene ikungokula kumene. Mphepo ziwiri zofooka zikakumana pamwamba pa madzi, pamalire pake pamayamba timizungulire ting'onoting'ono. Mtambo womakula ukafika pamwamba pa kamzungulire kotere, mpweya wokwera m'mtambomo umakakoka n'kukatalikitsa, ndipo kakamaonda kamazungulira mofulumira. Pakati pake mpweya umapepuka n'kuzizira, nthunzi n'kusanduka timadontho, ndiye mchira woyera kapena wotuwa umene timauonawo. Mchirawo ndi mtambo, si madzi a m'nyanja okokedwa kupita kumwamba monga ambiri amaganizira. Madzi a m'nyanja ndi okhawo othovoka m'munsi. Ambiri a mtundu umenewu satha mphindi 20, ndipo mphepo yake kawirikawiri siipitirira makilomita 108 pa ola, komabe imeneyo ndi yokwanira kugubuduza bwato laling'ono kapena kusasula malata padoko.

Choncho pakufunika zinthu zinayi: madzi ofunda pansi pa mpweya wozizirirapo, chinyezi chambiri m'munsi, mphepo yofooka, ndi malire pomwe mphepo zikukumana. Zitatu zoyambazo Windy imazionetsa bwino. Chachinayicho ndiye pali vuto, tifikapo.

Madzulo a tsiku loti mawa lake mupite, yambani ndi Sea temperature, mapu a Windy osonyeza kutentha kwa madzi. Dinani pamadzi moyang'anizana ndi mzinda wanu, nambala ituluka. Kenako sankhani Temperature, ndipo kachingwe kosankhira kutalika mukakweze kuchoka pa Surface kufika pa 850 hPa, pamene ndi pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Chotserani nambala yachiwiriyi pa yoyamba ija. Madzi akakhala madigiri 22 ndipo kumwambako kuli madigiri 8, kusiyana kwake ndi 14. Kusiyana kukafika 13 kapena kupitirira, mpweya wochokera pamadzi umakwera mosavuta ngakhale mitambo isatalike kwenikweni. Izi ndi zimene zimachitika ku Great Lakes, nyanja zikuluzikulu za ku North America, kuyambira August mpaka October, mpweya wozizira ukamadutsa pamadzi amene asunga kutentha kwa chilimwe chonse, komanso pa nyanja ya Mediterranean chilimwe chikamatha. Kumadera otentha kusiyanaku kumakhala kocheperapo, mwina madzi 29 ndipo kumwamba 18, koma kumeneko chinyezi ndi kutalika kwa mitambo ndizo zimakwaniritsa zoperewerazo.

Pali misampha iwiri pa sitepe imeneyi. Woyamba ndi wakuti nambala ya kutentha kwa madzi ndi ya dera lalikulu, pamene madzi osaya a m'magombe ndi m'madoko amafunda kuposa a pakati. Ngati pafupi pali choyezera choyandama kapena a padoko amalengeza kutentha kwa madzi, khulupirirani nambala yawoyo. Wachiwiri umakhudza nyanja za kumtunda. Nyanja ikakhala pamalo okwera mamita 1,000 kapena kuposa, 850 hPa imakhala pafupi kwambiri ndi madzi, ndiye kusiyana kumaoneka kochepa mwabodza. Pamenepo lamulo la 13 siligwira ntchito. Kwezani kachingwe kaja kufika pamlingo umene uli pafupifupi kilomita imodzi ndi theka pamwamba pa madziwo.

Mukadali pa 850 hPa pomwepo, sinthani n'kupita pa Wind. Wade Szilagyi, katswiri wa zanyengo wa ku Canada amene anakonza muyeso wolosera akamvuluvulu a pamadzi wochokera pa -10 kufika pa +10, anagwiritsa ntchito kusiyana kwa kutentha komweku pamodzi ndi kutalika kwa mtambo, ndipo anaika malire akuti mphepo ya pa 850 hPa isapitirire ma knot 40, amene ndi pafupifupi makilomita 74 pa ola. Kumeneko ndi kumalekezero. Masiku abwino kwenikweni a kamvuluvulu wa kunja kwabata ndi amene mphepo ya pansi ili yofooka, yosafika ma knot 10, ndipo siikusintha kwambiri mphamvu kapena kolowera mukamakwera. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mphepo ya kumwamba ikaposa kwambiri ya pansi, mtambo umapendekeka n'kusiya kamzungulire kaja m'mbuyo kasanatalike. Onetsetsani kuti mwadziwa muyeso umene foni yanu ikugwiritsa ntchito. Windy imalola knot, mamita pa sekondi kapena makilomita pa ola, ndipo 10 wa mamita pa sekondi ndi pafupifupi kawiri 10 wa knot. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa. Muyeso wa Szilagyi weniweniwo pa mndandanda wa Windy palibe, ndipo n'zodandaulitsa, poti zonse zowerengetsera muyesowo zili momwemo kale.

Chida chimene chimapangitsa Windy kuposa mapulogalamu ongosonyeza kadzuwa ndi kamtambo ndi Sounding. Pa kompyuta dinani kumanja pa mbewa pamalo a pamadzi, pafoni dinikizani chala osachotsa msanga, ndipo musankhe Sounding. Mutuluka tchati cha mpweya kuchokera pansi mpaka kumwamba, chokhala ndi mizere iwiri ikuluikulu. Wakumanja ndi wa kutentha, wakumanzere ndi wa dew point, kutanthauza kuzizira kumene nthunzi imayamba kusanduka madontho. Mizereyi ikayandikana m'makilomita awiri kapena atatu a m'munsi, mpweya ndi wonyowa ndipo mitambo ikula bwino. Ikatayana kwambiri pa kilomita imodzi kapena ziwiri, pali mpweya wouma umene uzidya mitambo isanatalike. Mzere wa kutentha ukapindikira kumanja mukamakwera, ndiye kuti pamwamba pali mpweya wofunda wotsekereza, ndipo mitambo ifika pamenepo n'kuphwatalala. Tsiku lotero khalani kunyumba. Kuchokera pa mizere yomweyi mutha kuyerekeza pamene tsinde la mtambo likhale: digiri iliyonse ya kusiyana kwa mizereyi pansi ndi pafupifupi mamita 125. Kusiyana kwa madigiri 4 ndiye kuti tsinde lili pa mamita 500. Tsinde lotsika chonchi ndi labwino kwa woonerera, chifukwa mchira suchedwa kuonekera mpaka pamadzi.

Za CAPE Index tingonena mwachidule, poti anthu amaikokomeza. Imayeza mphamvu yokwezera mpweya m'mlengalenga monse, pamene kamvuluvulu wathuyu amadalira mphamvu ya m'munsi. Mazana ochepa amakwanira. Mukaona yafika 2,000 kapena kuposa, ndipo mphepo ya pa 500 hPa, m'mwamba kwambiri kuposa pa 850 hPa, ndi yamphamvu, limenelo ndi tsiku la mabingu oopsa, osati loonerera.

Tsopano zoperewera. Windy siilosera yokha. Imatenga ulosi wa makompyuta a mabungwe ena n'kuujambula mokongola: ECMWF ya ku Ulaya, GFS ya ku America, ICON ya ku Germany, ndi ina ya madera. Makompyuta amenewa amadula mlengalenga m'timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse kamapatsidwa nambala imodzi. Pa ECMWF kabokosi ndi ka makilomita pafupifupi 9. Kamvuluvulu wa pamadzi m'mimba mwake ndi mamita makumi angapo, nthawi zina kufika 100. Ukonde wa maso aakulu sugwira tinsomba ting'onoting'ono. Ngakhale AROME ya ku France ya makilomita 1.3, ICON-D2 ya makilomita pafupifupi 2 kapena HRRR ya ku America ya makilomita 3 siziona kamvuluvulu. Chimene zimaposera ndi kuonetsa malire a mphepo aja, makamaka mphepo ya usiku yochoka kumtunda kupita kunyanja imene imakumana ndi mphepo ya pamadzi m'bandakucha n'kupanga mzere wa mitambo motsatira gombe. Ngati dera lanu lili ndi ulosi wa timabokosi tating'ono chonchi, sankhani umenewo m'munsi mwa mapu. Madera ambiri a dziko lapansi alibe, ndipo kumeneko chinthu chachinayi chija mukachipeza ndi maso anu pagombe.

Timizere toyenda tosonyeza mphepo ndi timene timakopa anthu ku Windy, komanso ndi timene timawanamiza. Timayenda mosalala ngakhale mukulitse mapu mpaka kuona misewu ya mumzinda, ndipo munthu amaganiza kuti akuona mphepo imene ikuomba padoko nthawi yomweyo. Ayi ndithu. Ndi ulosi wopangidwa maola angapo apitawo, wosalazidwa pakati pa timabokosi. Mukaona timizere tikuzungulira panyanja, chimenecho ndi chimphepo cha makilomita makumi kapena mazana, osati kamvuluvulu. Kuti muone zenizeni, yatsani Reported wind, imene imaonetsa zimene zoyezera za pamabwalo a ndege ndi m'madoko zayeza. Zoyezera ziwiri zoyandikana zikamaonetsa mphepo zoombana, pakati pawo pali malire. Timizere toyendato mutha kutizimitsa, ndipo tikukulangizani kutero mukakhala pagombe, chifukwa timatha batire ndipo foni imatentha padzuwa.

Radar, chida chounikira kumene kukugwa mvula, nayo ili ndi zoperewera zake, ndipo vutoli si la Windy yokha. Dziko ndi lozungulira, choncho kuwala kwa radar kumanka kukwera kukamatalikira. Pa makilomita 100 kuchokera pa radar, ngakhale kotsikitsitsa kumakhala kuli pafupifupi kilomita imodzi ndi theka m'mwamba, kutatambasuka kupitirira kilomita imodzi ndi theka m'lifupi. Pa makilomita 200 kumakhala kutadutsa makilomita 4. Kamvuluvulu amakhala pansi pa zonsezi. Kuonjezera apo, Windy imaonetsa kuchuluka kwa mvula kokha, siionetsa liwiro la mphepo mkati mwa mtambo monga imachitira pulogalamu ina yotchedwa RadarScope m'mayiko amene imagwira ntchito. Ndipo kamvuluvulu wa kunja kwabata amabadwa mtambo ukadakula, mvula isanayambe kugwa kwenikweni. Pamene kadontho kobiriwira kakusanduka kachikasu pa foni yanu, nthawi zambiri mvula yayamba kale kutsitsa mpweya wozizira umene umamupha. Dziwaninso kuti mayiko ambiri alibe radar yolumikizidwa ku Windy, ndiye mapu opanda kanthu satanthauza kuti kumwamba kuli mbee.

Satellite ndiyo imathandiza kwambiri m'mawa wa tsikulo. Sankhani Visible dzuwa likatuluka, muyendetse zithunzi za ola limodzi kapena awiri apitawo, ndipo musake kamzere kopyapyala ka mitambo koima malo amodzi pamadzi n'kumanenepa pang'onopang'ono. Infra, zithunzi zotengera kutentha kwa mitambo, imagwira usiku, koma mitambo yotsika yofunda imaoneka mozimiririka. Zithunzi zimabwera pakapita mphindi 10 kapena 15, zina mochedwerapo, ndiye kamvuluvulu wa mphindi 8 atha kubadwa n'kufa pakati pa zithunzi ziwiri. Ma setilaitiwa ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, choncho kumadera akutali ndi equator mtambo wautali umaoneka utasunthira pambali makilomita angapo. Makamera a Webcams ndi mwayi wa anthu a mumzinda: madoko ndi magombe ambiri otchuka ali nawo, ndipo mutha kuona tsinde la mitambo musananyamuke. Ingoyang'anani nthawi yolembedwa pachithunzi, chifukwa makamera ena anasiya kugwira ntchito kalekale koma chithunzi chawo chomaliza chikadali pomwepo.

Mukafika pagombe, ikani foni m'thumba. Joseph Golden, amene anafufuza akamvuluvulu a ku zilumba za Florida Keys ku America ali m'ndege chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anafotokoza magawo asanu a moyo wawo. Pamadzi pamayamba kadera kozungulira koyera kokutidwa ndi mdima, kenako mikwingwirima yopota yakuda ndi yoyera, kenako mkombero wa madzi othovoka, kenako mchira wathunthu, pomaliza kufota. Magawo awiri oyambawo munthu woima pagombe sawaona. Chimene mungaone ndi tsinde la mtambo lakuda, losalala ngati lodulidwa, ndipo pansi pake pamatuluka kansonga kolendewera. Tsitsani maso pamadzi pansi pa kansongako. Mukaona kautsi koyera kakuvina pamadzi, kamvuluvulu wakwana kale, ngakhale pakati pa kansonga ndi kautsiko pakuoneka popanda kanthu. Mphepo yozungulirayo ilipo kuchokera pamadzi mpaka kumtambo, kungoti siinaonekere yonse. Pofota mchira umaonda, n'kupindika, n'kuduka pakati, ndipo kawirikawiri pambali pake pamakhala patayamba kugwa mvula.

Malo oimapo ndi ofunika kuposa foni yodula. Maso akakhala mamita 2 pamwamba pa madzi, mumaona pamwamba pa nyanja mpaka makilomita 5 okha. Pa mamita 30, monga pakhonde la nyumba yosanja kapena pachitunda, mumafika pafupifupi makilomita 20. N'chifukwa chake anthu a pamchenga amatsutsana ngati mchira unafika pamadzi, pamene a pamwamba anaona thovu bwinobwino. Sankhani malo oti dzuwa likhale kumsana, nyumba zitalizitali zisakutchingeni, ndipo nyumba yolimba yothawiramo ikhale pafupi. Magalasi oonera patali a 7x50 ndi okwanira. Amathandiza kusiyanitsa kamvuluvulu ndi zinthu zomufanana: mvula yogwa patali ngati chipilala, zidutswa za mitambo zolendewera, utsi wa sitima, ngakhale khamu la tizilombo touluka limene limakwera ngati utsi panyanja zina. Chosiyanitsa ndi kuzungulira. Yang'anani masekondi 20 osasuntha. Chinthucho chikapanda kuzungulira, si kamvuluvulu.

Za chitetezo, Windy ili ndi Weather warnings, koma imangobwereza machenjezo a nthambi za zanyengo za mayiko, ndipo si mayiko onse amene machenjezo awo amafika kumeneko. Tsatirani nthambi ya zanyengo ya dziko lanu mwachindunji, ndipo ngati muli pabwato, wailesi ya pamadzi ikhale yoyatsa. Choopsa chachikulu kwa anthu oonerera pagombe ndi mphenzi. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, choncho mukawerenga masekondi 30 kapena ochepera pakati pa kung'anima ndi bingu, mphenziyo ili mkati mwa makilomita 10. Lowani m'nyumba kapena m'galimoto yotseka, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Timadontho ta mphenzi ta pa Windy n'tothandiza poona kumene mabingu akulowera, koma khutu lanu limafulumira kuposa netiweki. Kamvuluvulu akamakula m'maso mwanu osasunthira kumanja kapena kumanzere, akubwera kwa inu. Ambiri amafooka akangofika kumtunda, koma asanafe amatha kunyamula maambulera a pagombe, mipando, zikwangwani ndi malata, ndipo mumzinda zinthu zotere zili paliponse. Chokani pamawindo agalasi. Amene ali pabwato asathamangitsane naye kapena kuyesa kumudutsa pakati. Aone kumene akulowera n'kuthawira chopingasa.

Nanga kulipira Premium, Windy ya zoonjezera, n'koyenera? Zonse tafotokozazi zimapezeka mwaulere. Chimene mumagula kwenikweni ndi ulosi wa ola lililonse m'malo mwa maola atatu aliwonse, ndi ulosi wokonzedwanso kangapo patsiku. Kwa munthu wongofuna kudziwa ngati Loweruka kuli koyenera kupita kugombe, yaulere ndi yokwanira. Kwa wojambula zithunzi kapena woyendetsa bwato, amene akufuna kudziwa ngati malire a mphepo afika moyang'anizana ndi doko 6 koloko kapena 8 koloko, ola lililonse ndi lofunika, makamaka kumene kuli ulosi wa timabokosi tating'ono. Masiku oonjezera a ulosi wa patsogolo musawawerengere pa ntchito imeneyi: kupitirira masiku awiri kapena atatu, mphepo yofooka ya m'mphepete mwa nyanja siiloseka mokhulupirika. Ndipo ngakhale zonse zinayi zitagwirizana, masiku ambiri mubwerako mutangoona mitambo. Zimenezo si kulephera kwa pulogalamuyi, ndi mmene akamvuluvulu alili.

Tsiku limene mwamuona, jambulani kaye patalipatali kuti nyumba, nsanja ya padoko kapena phiri zilowe m'chithunzi, kenako muyandikitse. Kukulitsa ndi zala pafoni kumangowononga chithunzi. Lembani nthawi yeniyeni imene anayamba ndi imene anatha, pamene munaima, mbali imene munayang'ana pa kampasi ya foni, ndiponso ngati thovu la pamadzi linaoneka. Mukatero tsegulani Windy n'kusunga zithunzi za Sounding, Satellite ndi Reported wind za ola limenelo zisanafufutike, kuti ulendo wina mudzakhale ndi chofanizira cha dera lanu lomwelo. Uthengawo tumizani ku nthambi ya zanyengo ya dziko lanu. International Centre for Waterspout Research imalandira malipoti ochokera kulikonse, ndipo a ku Ulaya atha kulembanso ku European Severe Weather Database. Anthu awiri oima malo osiyana akapereka mbali za pa kampasi ndi nthawi yofanana, akatswiri amajambula mizere iwiri pamapu, ndipo pamene yakumana ndi pamene kamvuluvuluyo anali.